Kodi mphunzitsi womanga timu adikiridwe mpaka liti? Phunziro la ku Kitwe ndi ku Ndola

Mizinda ya Kitwe ndi Ndola, yomwe ili m'chigawo cha migodi ya mkuwa cha Copperbelt m'dziko la Zambia, ndiyo yasunga zikho zambiri za ligi yaikulu ya dzikolo, popeza pofika mu 2025 Nkana ya ku Wusakile mumzinda wa Kitwe inali itatenga ligi ka 13, ZESCO United ya ku Ndola ka 9, ndipo Power Dynamos, yomwe imasewerera pabwalo la Arthur Davies ku Kitwe komweko, inali itatenga ka 8. Mbiri yotereyi imachititsa kuti ochemerera matimuwa asazolowere kudikira, moti mphunzitsi akagonja masewero atatu otsatizana, mkangano umabuka m'mabasi, m'misika ndi pa wailesi, ena akuti achotsedwe lero lomwe, ena akuti apatsidwe nthawi yoti amalize kumanga timu.

Mawu oti kumanga timu amatchulidwa kawirikawiri, koma ntchito yake ndi yodziwika bwino ndipo ili ndi malire. Mphunzitsi amapeza osewera ena atakalamba, ena makontrakiti awo, omwe ndi mapangano a ntchito pakati pa wosewera ndi timu, ali pafupi kutha, ndipo ena sakugwirizana ndi kaseweredwe komwe iye akufuna. Kuti asinthe zimenezi ayenera kudikira msika wa osewera, nthawi yomwe malamulo amalola kugula ndi kulembetsa osewera atsopano, ndipo msikawu umatsegulidwa kawiri kokha pachaka, ligi isanayambe ndiponso ikafika pakati. Choncho mphunzitsi wolembedwa ntchito mu Okutobala amasewera miyezi ingapo ndi anthu omwe adasankhidwa ndi mnzake wochotsedwayo, ndipo ngakhale atagula ake, otchinga kumbuyo ndi goloboyi samvana m'sabata imodzi, pakuti kudziwa kuti mnzako akapita kutsogolo iwe utseke pati kumabwera ndi masewero ambiri osewerera limodzi.

Amene amati mphunzitsi apatsidwe nthawi amaloza ku Ndola. George Lwandamina adatenga ZESCO United mu 2014, n'kupambana nayo ligi chaka chomwecho ndi chotsatira, ndipo mu 2016, chaka chake chachitatu, adaifikitsa m'ndime ya matimu anayi otsiriza a chikho cha CAF Champions League, momwe idagonjetsa Mamelodi Sundowns ya ku South Africa 2-1 pabwalo la Levy Mwanawasa isanagonje 2-0 kwawo kwa Sundowns. Timu ya chaka chimenecho idamangidwa pang'onopang'ono, goloboyi Jacob Banda atakhala pagolo zaka zambiri, ndipo alendo monga David Owino ndi Jesse Were a ku Kenya adabwera kudzatseka mipata yodziwika m'timu yomwe inali yokhazikika kale. Lwandamina atapita ku Young Africans ya ku Tanzania adabwereranso mu 2018, natenga ligi ya chaka chimenecho ndi ya 2019.

Komabe nkhani ya ZESCO ikawerengedwa mofatsa ikusonyeza chinthu china chomwe ochemerera saganizira kwenikweni. Mu 2017, Lwandamina ali ku Tanzania, timuyo idatenganso ligi ili m'manja mwa ena, ndipo iye atachoka mu 2020, Mumamba Numba adaitenga mu 2021 m'chaka chake choyamba. Aphunzitsi ankasintha, koma phata la timu, ndiye kuti osewera asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe ena onse amatsamirapo, lidakhalabe pamalo pake, chifukwa kampani ya magetsi ya ZESCO inali ndi ndalama zowasunga. Chomwe chidapatsidwa nthawi ku Ndola chinali gulu la osewera, ndipo mphunzitsi aliyense wobwera adapeza maziko atakumbidwa kale.

Ku Wusakile zinthu zidayenda mosiyana. Nkana, yomwe ochemerera ake amaitcha Kalampa, idakhala zaka 12 osatenga ligi kuchokera mu 2001, nyengo yomwe idatsatira kugulitsidwa kwa migodi ya boma ya ZCCM, pomwe matimu ambiri a m'migodi adasowa owathandiza mokwanira. Masauso Mwale adathetsa chilalacho mu 2013, koma adamwalira pangozi ya galimoto mu Meyi 2014 pamsewu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe, ntchito yake ili pakati. Chikho cha 13 chidabwera mu 2020, m'ligi yomwe idadulidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, timu ili m'manja mwa Manfred Chabinga, ndipo chodabwitsa n'chakuti Chabinga sadafike nayo ngakhale pakati pa ligi yotsatira. Kelvin Kaindu adalowa m'malo mwake, nayenso sadakhalitse, ndipo Beston Chambeshi ndiye adaitanidwa kudzapulumutsa akatswiri a chaka chathacho, omwe mu 2021 adatsala pang'ono kutuluka mu ligi. Aphunzitsi atatu m'ligi imodzi sangakhale onse osadziwa ntchito. Pamene atatu alephera ndi gulu limodzi la osewera, vuto liyenera kufunidwa kwa amene adagula ndi kugulitsa osewerawo, ngakhale kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu woonekera kwa anthu pabwalo la Nkana lotchedwa Chilata ndi wa munthu woima m'mphepete mwa bwalo, osati wa akomiti okhala pamthunzi.

Power Dynamos, yomwe imathandizidwa ndi kampani ya Copperbelt Energy Corporation ndipo mu 1991 idatenga chikho cha mu Africa cha matimu opambana zikho za m'mayiko mwawo itagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria, ikupereka umboni wosokoneza mbali zonse ziwiri. Mwenya Chipepo adaipeza ili m'munsi mwa ligi, adaikweza, ndipo mu 2023 adaipatsa chikho chomwe idachilawa komaliza mu 2011, koma ligi yotsatira isanathe iye anali atachoka. Oswald Mutapa, amene adalowa m'malo mwake, sadatenge ligi m'chaka choyambacho, akuluakulu a timu adamusunga, ndipo mu 2025 adabweretsa chikho. Wofuna kusintha aphunzitsi anganene kuti kusinthako kudapindula, pomwe wofuna kudekha anganene kuti Mutapa adapambana chifukwa adaloledwa kuyamba ligi yachiwiri ndi osewera odzisankhira yekha.

Chifukwa chomwe akomiti amathamangira kuchotsa mphunzitsi n'chomveka ndipo sichiyenera kunyozedwa. Ligi ya Zambia ili ndi matimu 18, anayi a pansi amatuluka, ndipo timu ikatsika imataya ndalama za owonetsa mpira pa kanema, osewera abwino amathawa, ndipo kampani yothandiza imayamba kufunsa ngati ndalama zake zikupita pabwino. Kuchotsa munthu mmodzi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kusintha osewera khumi, komanso kumaziziritsa mitima ya ochemerera kwa masabata angapo, makamaka ngati timu yagonja pa masewero a Nkana ndi Power Dynamos, omwe mzinda wonse wa Kitwe umawawerengera ngati chikho pachokha.

Dzina la Alex Ferguson, amene adafika ku Manchester United mu 1986 koma chikho choyamba adachitenga mu 1990 ndipo ligi adaitenga mu 1993, limatchulidwa msanga pa mkangano uwu, ngakhale kuti aphunzitsi ambiri omwe adadikiridwa motero sadasanduke Ferguson. Chitsanzo cha pafupi ndi Kallisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, amene adafika ku Nyasa Big Bullets ya ku Blantyre mu 2018 n'kutenga ligi ya Malawi kasanu motsatizana, uku akukweza anyamata ochokera m'timu yaing'ono ya Bullets yomweyo. Iye adakhalitsa chifukwa ankapambana akumanga.

Nthawi, tsono, iyenera kupatsidwa poona zizindikiro zomwe munthu wopita kubwalo angaone ndi maso ake ngakhale mapointi asanachuluke. Timu yomwe ikumangidwa imakhala ndi kaseweredwe kodziwika komwe sikasintha sabata iliyonse, zigoli zolowa kugolo kwake zimachepa, osewera omwe mphunzitsi adawapempha ndiwo akusewera ndipo akuonetsa kusintha, komanso anyamata a zaka 19 kapena 20 akupeza malo. Ngati izi zikuoneka, kugonja katatu si chifukwa chochotsera munthu, koma ngati patapita misika iwiri timu ikusewerabe ngati anthu okumana koyamba, ndiye kuti mawu oti kumanga asanduka pobisalira.

Mphunzitsi wolembedwa kuti amange timu ku Kitwe kapena ku Ndola ayenera kupatsidwa ligi imodzi yathunthu yomwe waiyamba yekha ndi osewera odzisankhira, pokhapokha ngati timu ili pangozi yeniyeni yotuluka mu ligi, ndipo zimenezi zilembedwe m'kontrakiti yake pamodzi ndi zomwe akomiti alonjeza pa malipiro ndi pa kusunga osewera. Komiti yomwe yagulitsa womwetsa zigoli wake ligi ili pakati, kapena yomwe yachedwetsa malipiro a osewera, ilibe ufulu wochotsa mphunzitsi chifukwa cha zotsatira za miyezi imeneyo.