Kusamutsa Ana a Akalulu: Masabata Awiri Oyamba M'khola Latsopano

Mwa ziweto zazing'ono zimene magulu a alimi amapatsirana, kalulu amaoneka ngati wosavuta kuweta. Safuna malo aakulu, amadya masamba a m'munda, ndipo wamkazi amabereka patangotha masiku 31 atakweredwa. Komabe pali dandaulo limene alangizi amalimva kawirikawiri: mlimi walandira ana a akalulu ooneka athanzi, wawapatsa masamba ambiri abwino, koma pasanathe masabata awiri anawo atsekula m'mimba ndi kufa. Zikatere mlimi amagwa mphwayi, gulu limataya mbewu, ndipo woyembekezera kupatsiridwa amatsala chimanjamanja. Nthawi zina pamabuka mkangano, wolandira nkumanena kuti adapatsidwa akalulu odwala kale.

Imfa zambiri zotere sizichokera ku tsoka ayi, koma m'mimba mwa kalulu. Mwana wa kalulu akaletsedwa kuyamwa, nasamutsidwa, nasinthiridwanso chakudya, zonsezi tsiku limodzi, matumbo ake amalephera kupirira. Udindo wa mlangizi ndi kuonetsetsa kuti zinthu zitatuzi zikuchitika pa nthawi zosiyana.

Kalulu woweta si kalulu wa m'thengo

Akalulu oweta onse, monga New Zealand White, Californian, Chinchilla ndi Flemish Giant, adachokera ku mtundu umodzi wotchedwa Oryctolagus cuniculus, umene kwawo kwenikweni ndi ku Spain ndi Portugal. Mtunduwu ndi wosiyana ndi kalulu wa m'thengo wa kuno, wodziwika uja m'nthano, ndipo awiriwa sangaberekane. Mwana wa kalulu wa m'thengo amabadwa ndi ubweya, maso ali otsekula. Wa kalulu woweta amabadwa wopanda ubweya, satsekula maso mpaka patapita masiku 10, ndipo amayamba kutuluka m'chisa ali ndi masabata pafupifupi atatu. Makolo ake ankakhala m'mauna ozizira. Nchifukwa chake kalulu woweta sapirira kutentha ndiponso amafuna pobisala akachita mantha. Mlimi amene amayesa kuti akuweta nyama yolimba ya m'thengo ayenera kuuzidwa zimenezi poyambirira.

Zimene zimachitika m'mimba

Kalulu ali ndi thumba lalikulu pakati pa matumbo aang'ono ndi aakulu, lotchedwa caecum. M'thumbali mumakhala tizilombo tabwino tambirimbiri timene timagaya udzu ndi masamba. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri: timibulu touma timene timaoneka pansi pa khola, ndi tina tofewa timene amadya pomwe tikutuluka. Tofewato tili ndi zomanga thupi ndi mavitamini a gulu la B, ndipo kudya kwake si matenda.

Mwana amabadwa wopanda tizilombo tabwinoto. Amatitenga kwa make, makamaka podya ndowe zimene make amasiya m'chisa, ndipo pamatenga masabata angapo kuti tikhazikike. Pa nthawi yoyamwa, mafuta a mumkaka wa make amasanduka mankhwala opha majeremusi m'chifu mwake. Kalulu wamkulu amatetezedwa ndi asidi wamphamvu wa m'chifu. Mwana amene wangoletsedwa kuyamwa ali pakatikati: chitetezo cha mkaka chatha, pamene asidi ndi tizilombo tabwino sizinafike pa mphamvu yake. Apa ndi pamene pagona ngozi.

Tizilombo ta m'thumba lija timazolowera chakudya chimene kalulu amadya tsiku ndi tsiku. Chakudya chikasintha mwadzidzidzi, kapena madeya akachuluka udzu nkuchepa, tizilombo tabwino timachepa ndipo toipa, monga Clostridium ndi Escherichia coli, timaswana ndi kutulutsa poizoni. Mimba imatupa, kalulu amatsekula, ndipo popeza kalulu satha kusanza, choipa chilichonse chimene wadya chiyenera kudutsa m'matumbo monse. Mantha a pa ulendo nawo amachititsa kuti matumbo asiye kuyenda bwino.

Msinkhu ndi kasankhidwe

M'makola a malonda a ku Ulaya, kumene akalulu amadya chakudya cha ku fakitale, ana amaletsedwa kuyamwa ali ndi masabata anayi kapena asanu. Kumudzi, kumene chakudya chachikulu ndi masamba, ndi bwino kudikira mpaka masabata 6 kapena 8. Poletsa kuyamwa, make ndiye achotsedwe, ana atsale m'khola limene adazolowera, ndipo akhalemo sabata ina yathunthu asanasamutsidwe. Motero mwana wosakwana masabata 8 asapatsidwe kwa mlimi wina.

Posankha, mlangizi aonetsetse izi:

Maso akhale owala, opanda manthongo.

Mphuno ikhale youma. Ubweya womatana m'kati mwa miyendo yakutsogolo umasonyeza kuti kalulu wakhala akupukuta mamina, chimene ndi chizindikiro cha chimfine choyambitsidwa ndi Pasteurella.

M'makutu musakhale nkhanambo za mphere.

Pansi pa mchira pakhale pouma ndi paukhondo.

Mimba isakhale yaikulu pamene msana uli wowonda.

Ndi bwino kusamutsa ana awiri kapena atatu obadwa pamodzi, chifukwa amafunditsana ndipo amayamba kudya msanga. Koma wamwamuna wodzakhala mbewu achokere ku khola lina, pofuna kupewa kukweretsa apachibale.

Khola likonzedwe akalulu asanafike

Khola la m'mwamba, lotalika mita imodzi kuchoka pansi, ndilo loyenera ana. Chipinda cha masentimita 90 m'litali, 60 m'lifupi ndi 50 msinkhu chikwanira ana atatu mpaka atakwana miyezi itatu. Pansi pake pakhale waya kapena nsungwi zosiyidwa mipata ya sentimita imodzi, yokwanira kuti ndowe zigwe koma mwendo usakodwe. M'ngodya muikidwe kabokosi kapena m'phika wakale woukhazika cham'mbali kuti mwana azibisalamo.

Kalulu amakhala bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 21. Satuluka thukuta lokwanira kumuziziritsa. Amataya kutentha kudzera m'makutu ndi popuma. Kutentha kukapitirira madigiri 30 amachepetsa kudya, ndipo kukafika madigiri 35 akhoza kufa. Alangizi a ku Chikwawa ndi Nsanje, ku Tete ndi ku chigwa cha Luangwa apewe kugawa akalulu mu Okutobala ndi Novembala. Khola likhale pamthunzi, lofoleredwa ndi udzu osati malata okha. M'madera ozizira monga Dedza, Ntcheu ndi Angónia, vuto la mu Juni ndi Julaye ndi mphepo ya usiku. Kumeneko mlimi atchinge ndi chiguduli mbali yochokera mphepo ndipo aike udzu wouma m'kabokosi.

Agalu, amphaka, makoswe, njoka ndi linthumbu ndi adani a akalulu aang'ono. Galu wongouwa pansi pa khola akhoza kuchititsa kalulu kudumpha ndi kuthyoka msana. Miyendo ya khola iikidwe m'zitini za oyilo wakale kapena izunguliridwe ndi phulusa. Ngati kholalo lidakhalapo ndi akalulu ena, lipalidwe, litsukidwe ndi madzi otentha, ndipo liume padzuwa masiku angapo.

Pa ulendo

Kalulu asanyamulidwe ndi makutu. Dzanja limodzi ligwire chikopa cha pamapewa, lina lichirikize kumbuyo, chifukwa mafupa ake ndi opepuka ndipo akaphiriphitha ali lende msana umathyoka. Ulendo uchitike m'mamawa kapena madzulo, m'dengu kapena m'katoni yobooledwa, yoyalidwa udzu wouma wochokera m'khola lakale kuti fungo likhale lozolowereka. Thumba la pulasitiki kapena la feteleza ndi loopsa. Dengu lisamangidwe pafupi ndi injini ya njinga yamoto, ndipo lisasiyidwe padzuwa pamsika.

Chofunika koposa pa ulendowu ndi ichi: mwana wa kalulu asamuke pamodzi ndi chakudya chake. Wopereka afotokoze masamba amene anawo akhala akudya, aperekeko madeya omwewo ndi mtolo wa udzu wouma wokwanira sabata imodzi.

Kadyetsedwe ka masiku 14 oyamba

Tsiku lofika, akalulu aikidwe m'khola, apatsidwe madzi ndi udzu wouma, kenaka asiyidwe. Ana a pakhomo ndi oyandikana nawo amafuna kuwagwira, koma kwa masiku atatu oyamba nkofunika kuti pakhale bata. Kalulu amadya kwambiri madzulo ndi usiku, kotero mlimi asade nkhawa akaona kuti masana angokhala phee m'kabokosi.

Masiku atatu oyamba akalulu adye chakudya cha ku khola lakale chokha. Kuyambira tsiku lachinayi mlimi awonjezere mtundu umodzi wa masamba atsopano, masamba awiri kapena atatu okha, nadikira masiku awiri akuyang'ana ndowe. Zikakhala zouma ndi zobulungira, awonjezere muyeso kapena ayambe mtundu wina. Zikafewa, abwerere ku udzu wouma ndi madzi. Pofika tsiku la 14 akalulu akhale atazolowera chakudya cha pakhomo latsopano. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kholowa, chisoso, bonongwe, masamba a mabulosi ndi nsenjere yanthete ndi zakudya zabwino, koma zithyoledwe mame atauma ndi kuyanikidwa pamthunzi kwa maola angapo kuti zifote. Masamba onyowa ounjikidwa m'thumba amatentha ndi kusasa. Zotsalira za mtedza zoumitsidwa bwino zimapereka zomanga thupi. Masamba a lukina aperekedwe pang'ono kwa akalulu okulirapo, chifukwa ali ndi poizoni wotchedwa mimosine amene amathothola ubweya akachuluka. Chigwada chachiwisi, masamba a mapeyala, a mbatata ya kachewere ndi a tomato asaperekedwe, ngakhalenso masamba a m'munda wopoperedwa mankhwala. Madeya akhale kadzanja kamodzi patsiku pa mwana aliyense, othiridwa kamchere pang'ono, ndipo akhale opanda chuku, pakuti akalulu sapirira poizoni wa aflatoxin.

Pali chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi. Ichi nchosaona. Kalulu wolemera kilogalamu imodzi amafuna pafupifupi mamililita 100 patsiku, ndipo kukatentha amafuna oposerapo. Madzi aikidwe m'mbale yadothi yolemera imene sangaigubuduze, ndipo asinthidwe tsiku lililonse.

Matenda oyenera kuwayang'anira

Matenda a coccidiosis ndi amodzi mwa matenda amene amapha kwambiri ana a akalulu ongoletsedwa kuyamwa, makamaka m'nyengo ya dzinja. Amayambitsidwa ndi tizilombo ta Eimeria. Mitundu ina imawononga matumbo, pamene Eimeria stiedae imagwira chiwindi ndi kusiya timadontho toyera timene timaoneka kalulu akatumbulidwa. Make akhoza kukhala ndi tizilomboti osadwala, nkupatsira ana ake. Mazira a tizilomboti amatuluka m'ndowe, koma sangadwalitse kalulu wina kufikira atakhala masiku pafupifupi awiri pamalo onyowa ndi ofunda. Kotero mlimi amene amayeretsa khola tsiku ndi tsiku, namangirira masamba m'mwamba kuti asapondedwe, wadula njira ya matendawa popanda kugula mankhwala. Akabuka, mlangizi wa ziweto akhoza kupereka mankhwala a gulu la sulfa othira m'madzi akumwa.

Alimi achenjezedwe mwamphamvu za makapisozi a anthu. Amoxicillin, ampicillin ndi lincomycin akamwetsedwa kwa kalulu amapha tizilombo tabwino ta m'thumba lija, ndipo kalulu amene akanachira amafa ndi mankhwalawo.

Alangizi ogwira ntchito m'malire a maiko adziwenso za nthenda yokhetsa magazi ya akalulu, yotchedwa RHD. Idadziwika koyamba ku China mu 1984. Mtundu wake wachiwiri, RHDV2, udapezeka ku France mu 2010, ndipo mu 2022 udatsimikizika ku South Africa, kumene udapha akalulu oweta ndi a m'thengo omwe. Mtundu woyamba kawirikawiri sunkapha ana aang'ono, koma wachiwiriwu umapha ndi ana omwe. Kalulu amafa mwadzidzidzi, nthawi zina akutuluka magazi m'mphuno. Kachilombo kake kamayenda pa madengu, zovala, nsapato ndi ntchentche. Nthendayi ilibe mankhwala ochiza, ngakhale katemera alipo. Chifukwa cha ichi, akalulu asadutse malire opanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto, ndipo akalulu angapo akafa mwadzidzidzi nkhaniyo ikanenedwe ku ofesi ya ziweto tsiku lomwelo.

Pakhomo pamene pali kale akalulu, obwera kumene akhale m'khola lapadera kwa masiku osachepera 14, akhale ndi mbale zawozawo, ndipo azidyetsedwa pomaliza.

Ntchito ya mlangizi

Mlangizi ayendere mlimi katatu: akalulu asanafike kuti aone khola, tsiku lachitatu, ndi tsiku la 14. Pa ulendo uliwonse ayambe wasuzumira pansi pa khola, chifukwa ndowe zimanena za thanzi la kalulu zizindikiro zina zisanaoneke. Timibulu tochepa ndi tating'ono timasonyeza kuti kalulu sakudya mokwanira. Mamina a m'ndowe, kukukuta mano ndi kukhala chonyonyomala pangodya ndi zizindikiro za ngozi. Mwana amene watha maola 12 osadya kapena osatulutsa ndowe afunika thandizo tsiku lomwelo.

Pamene pali sikelo, ana ayezedwe pofika ndi pa tsiku la 14. Pa chakudya cha masamba ndi madeya m'maiko otentha, mwana wa kalulu amawonjezera magalamu 10 mpaka 20 patsiku. Amene sakuwonjezera kanthu ali ndi vuto, ngakhale akuoneka bwino. Akakwana miyezi itatu aamuna apatulidwe kwa aakazi, ndipo aakazi a mitundu yapakati asakweretsedwe asanakwane miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Gulu limene likukonzekera kupatsirana akalulu lilembe m'malamulo ake mfundo zitatu: mwana woperekedwa akhale wa masabata osachepera 8, apite ndi chakudya cha sabata imodzi, ndipo khola la wolandira liyambe laonedwa ndi mlangizi kapena mlimi wotsogolera tsiku lopereka lisanakhazikitsidwe.