MADZI A MUMGODI AKAYERA, POIZONI AMATSALA M'MATOPE

Pa 18 February, 2025, damu losungiramo zinyalala za kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni, malinga ndi ciwerengero coyamba, anasefukira mu mtsinje wa Mwambashi ndi kulowa mu Kafue. Nsomba zinafa, cimanga cinapserera m'minda, ndipo mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Boma linatumiza ndeke ndi mabwato kukathira laimu mu mtsinje.

Laimu ndiye amagwiritsidwanso nchito pa migodi poyeretsa madzi oipa. Akathiridwa, ukali wa asidi umatha, ndipo tizitsulo tosungunuka m'madzimo, monga mkuwa, mtobvu ndi cadmium, timagwirana ndi kudikha pansi. Pamwamba madzi amaoneka oyera. Koma poizoni sanapite kwina kulikonse, wangosamukira m'matope otsala pansiwo. Matope amenewa akauma amauluka ndi mphepo ya mu August, ndipo akakumananso ndi madzi a asidi amatulutsanso zitsulo zija.

Lamulo losamalira cilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa kabungwe ka ZEMA, silola munthu kapena kampani kusunga, kunyamula kapena kutaya zinyalala zoopsa popanda cilolezo. Nkhani yagona pa dzina limene matopewo apatsidwa. Akalembedwa kuti ndi zinyalala zoopsa, kampani iyenera kuwataya pa malo ochingidwa bwino, ndipo zimenezi zimadya ndalama. Akangochedwa dothi wamba, angathe kuunjikidwa pamtetete pamene ana amasewera. Maso sangasiyanitse. Matope a ku mgodi ayenera kuonedwa ngati oopsa kufikira atapimidwa ku labotale.

Anthu a ku Kabwe akudziwa bwino zimenezi. Mgodi wa mtobvu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma ana a m'makomboni a Chowa, Kasanda ndi Makululu akali kupezeka ndi mtobvu wambiri m'magazi cifukwa ca pfumbi ndi dothi limene mgodiwo unasiya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati palibe mulingo wa mtobvu umene uli wabwino m'thupi. Mtobvu umaononga ubongo wa mwana, umacepetsa magazi, ndipo mwana wotere amabvutika kugwira za kusukulu. Kawirikawiri makolo amayamba ndi kumukalipira kuti ndi waulesi.

Ku Chiparamba, m'boma la Kasenengwa, kulibe mgodi waukulu monga ya ku Copperbelt. Anthu amalima, amamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, ndipo ndiwo za m'madimba awo zimagulitsidwa m'misika ya mu Chipata. Komabe nkhaniyi siili kutali. M'cigawo ca kum'mawa golide akukumbidwa ndi manja m'maboma monga Petauke, Vubwi ndi Lumezi, ndipo anyamata ambiri amasiya makasu kutsata ndalama za kumeneko.

Okumba golide ndi manja ambiri amasakaniza dothi losinja ndi mercury, madzi olemera onyezimira ngati siliva, kuti agwire golide. Pambuyo pace amaocha cosakanizaco, ndipo utsi wace umalowa m'mapapo. Mercury wina amatsalira m'matope otsukira, amene amangokhuthulidwa m'mbali mwa mtsinje popanda laimu kapena damu. Mvula ikagwa, matopewo amatsikira kumadimba ndi kumadziwe. Akalowa mu nsomba, mercury amakhala woopsa koposa, makamaka kwa mwana amene ali m'mimba. Ndi zimene zinacitika ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matendawa anazindikirika mu 1956.

Amai ambiri amakhulupirira kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumatha zonse. Zimenezi zimapha tizilombo ta kolera ndi kutsegula m'mimba, koma zitsulo sizicoka. Madzi akawira nthawi yaitali, amacepa ndi madziwo, citsulo cimatsala momwemo.

Matope ocokera pa malo otsukira miyala sayenera kuumbidwa njerwa, kuzirira nyumba kapena kuthiridwa m'dimba ngati manyowa, ngakhale aoneke osalala motani. Azimai apakati amene amakonda kudya dothi logula pamsika acenjere, popeza wogulitsa yekha sangadziwe kumene linakumbidwa. Wobwera kucokera ku golide acape zobvala zace padera, ndipo asaochere golide m'khichini kapena pa mbaula yophikira nsima.

Mwana akamadandaula m'mimba kawirikawiri, kufooka ndi kusowa magazi, kapena wamkulu akayamba kunjenjemera manja ndi kuiwalaiwala, apite kucipatala ndi kuuza anamwino ngati pakhomopo pali wogwira nchito ya miyala. Za matope otayidwa pafupi ndi citsime, auzidwe wa zaumoyo woyendera midzi wa pa kliniki, kapena a ku khonsolo.