Mmene Amayi Ankaphunzirira Kusoka pa Mbombwe ndi pa Domasi

Alimi anzathu, nyengo yosoka fodya ikafika, singano yaitali ija siichoka m'manja pachigafa; bambo, mayi ndi ana omwe onse ndi akatswiri. Koma malaya a mwana akang'ambika paphewa, wogwira singano asowa, ndipo ndalama za fodya yemweyo zikathera kusitolo chimanga chisanache. N'chifukwa chake tifuna kukumbutsana za mmene luso limeneli linkaphunzitsidwira kale.

Makolo athu ankavala chiwondo, chimene ankachipanga pomenya khungwa la mombo kufikira litafewa. Komabe nsalu sanali kuisowa konse ayi. David Livingstone pofika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu, ndipo oombawo anali amuna. Sukulu za mishoni, monga ya Blantyre imene inayamba mu 1876, ndizo zinaika singano m'manja mwa atsikana.

Pa Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pamene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, panafika mayi wina wachikuda wa ku America, Emma DeLany. Iyeyu pamodzi ndi Mayi Ida Chilembwe ankasonkhanitsa amayi a m'midzi ndi kuwaphunzitsa kudula nsalu ndi kusoka madiresi.

Mu 1929 Boma, mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie za ku America, linatsegula sukulu ya Jeanes pa Domasi. Kumeneko mphunzitsi sankapita yekha, ankatenga ndi mkazi wake. Pamene bambo ankaphunzira za ulimi ndi ukhondo wa pamudzi, mayi ankaphunzira kuphika, kulera ana ndi kusoka, kuti pobwerera kwawo akaphunzitse anzake. Ife tiona kuti nzeru imeneyi inali yabwino, pakuti mayi amva msanga mawu a mayi mnzake kuposa a mlendo.

M'maphunziro otere makina sanali poyambira. Wophunzira ankayamba ndi manja: kupinda m'mphepete mwa kansalu, kusokerera batani, ndi kuika chigamba. Chigambachi ndicho tichitenga chachikulu, ngakhale achinyamata ena achichitira manyazi. Lamulo lake linali lotere. Chigamba chikhale chokulirapo kuposa chiboo, kuti msoko ugwire pansalu yolimba, osati poperepeseka. Ulusi wa chigamba uyende njira imodzi ndi ulusi wa malaya. Ndipo ngati nsaluyo ndi yatsopano, muyambe mwaichapa, chifukwa kaliko watsopano afupika m'madzi, nakoka nsalu yakaleyo kufikira ing'ambikanso pambali pa msoko.

Mukasokerera chigambacho kunsi kwa malaya, muwatembenuze, mudule zoyoyoka za pachiboo, mupindire m'mphepete mkati, nimusokenso mozungulira ndi misoko ing'onoing'ono. Kabudula wa kumunda wosokedwa chotero apirira dzinja lina lathunthu.