Utolankhani Ukufota, a ku Chilwa Akusowa Owalembera

Nyuzipepala yakale kuposa zonse m'Malawi inabadwira m'boma la Zomba. Mu 1895, R.S. Hynde anayambitsa ku Songani nyuzipepala ya Central African Planter, yomwe lero ndi The Daily Times. Koma m'boma lomwelo, asodzi a ku Kachulu ndi alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa nkhani zawo zimamveka mwa apo ndi apo.

Ntchito ya malemu Raphael Tenthani ikusonyeza chimene tikutaya. Iwo ankatumiza nkhani za kuno ku BBC ndi Associated Press, kwinaku akulemba gawo la Muckraking lomwe andale ankaliopa. Mu Marichi 2005 anamangidwa pamodzi ndi a Mabvuto Banda, omwe ankalembera Reuters, chifukwa cha nkhani yoti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasamuka kunyumba ya boma poopa mizukwa. Atatuluka sanafooke, analembabe mpaka imfa yawo pa ngozi ya galimoto mu Meyi 2015. Malipiro ochokera kunja ankathandiza mtolankhani wotere kuima payekha, osagwadira aliyense.

Njira imeneyo ikutsekeka. Mu 2022, BBC World Service inalengeza zochotsa ntchito 382. Kuno kwathu, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe mapepala ndi inki zimagulidwa kunja. Owerenga ambiri asamukira pa Facebook ndi WhatsApp. Mkonzi akapanikizika, choyamba kudula ndi ndalama ya ulendo.

Motero mtolankhani amafika kumudzi pa galimoto ya nduna kapena ya bungwe, n'kubwerako ndi chipondamthengo. Nkhani imene amalemba imakhala ya amene wamunyamula.

Kwa anthu a ku Chilwa, vutoli si laling'ono. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, ndipo ili m'kaundula wa madambo wa Ramsar. Kuchepa kwa matemba ndi kukwiririka kwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi zimachitika pang'onopang'ono, ndipo zimafuna wozitsata chaka ndi chaka. Eni nyuzipepala ndi mabungwe othandiza ofalitsa nkhani aike ndalama pa mtolankhani wokhazikika m'boma, wolipidwa mokwanira kuti akane envulopu ya chipondamthengo. Popanda zimenezi, boma lidzamva za Chilwa nyanja itauma kale.