Kodi Geny Catamo yekha angainyamule timu ya Mambas?

M'machapa ndi m'misika ya ku Moatize ndi Zóbuè, okonda mpira akutsutsana za Geny Catamo, yemwe amasewera ku Sporting ya ku Portugal. Ena akuti popanda iye timu ya Mambas singapite patali. Ena akuti mutu umodzi susenza denga.

Zomwe zidachitika ku mpikisano wa CAN ku Morocco zikuunikira mkanganowu. Pa 28 Disembala 2025, Mozambique idagonjetsa Gabon 3-2, kupambana kwake koyamba m'mbiri ya mpikisanowu. Zigolizo adamwetsa ndi anthu atatu: Faisal Bangal, Geny ndi Diogo Calila. Pokumana ndi Cameroon, Geny ndiye adayamba kugoletsa, koma timu idagonjabe 2-1. Kenaka Nigeria idaitulutsa mumpikisano poichinya 4-0.

Geny amasewera kutsogolo chakumbali. Kuti aopseze, osewera apakati ayenera kulanda mpira ndi kumupatsira msanga, pomwe akumbuyo ayenera kutchinga kuti chigoli chake chisabwezedwe. Adani akamuikira anthu awiri, anzake amapeza mpata. Akaulephera mpatawo, luso lake limapita pachabe.

Funso lomwe latsala ndi ili: tsiku lomwe Geny watsekeredwa, adzagoletse ndani?