Buku lomwe lidasunga mbiri ya gemu ya Zelda

Gemu ya pakanema imadalira makina ake. Makinawo akaleka kupangidwa, gemuyo imayamba kusowa. Kafukufuku yemwe bungwe la Video Game History Foundation lidatulutsa mu 2023 adapeza kuti mwa magemu 100 alionse omwe adatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, magemu 87 sakugulitsidwanso. N'chifukwa chake mabuku a zojambula za magemu akale asanduka nkhokwe ya mbiri.

Limodzi mwa mabukuwa ndi Hyrule Historia, lomwe kampani ya Shogakukan idasindikiza ku Japan mu 2011 pokumbukira kuti padatha zaka 25 chitulukire The Legend of Zelda, gemu ya kampani ya Nintendo. Mu 2013, kampani ya Dark Horse idalitulutsa m'Chingerezi.

M'bukuli muli zithunzi zomwe amisiri ankajambula poyesa maonekedwe a Link, ngwazi ya m'gemuyi, komanso mawu oyamba a Shigeru Miyamoto, yemwe adaiyambitsa.

Bukuli lidayankhanso funso lomwe okonda gemuyi adakangana nalo kwa zaka zambiri: kodi nkhani za m'magawo ake zimatsatana bwanji? Lidaonetsa kuti pambuyo pa gawo la Ocarina of Time la mu 1998, nkhaniyi imagawika patatu, ndipo nthambi imodzi imayambira pomwe Link wagonja.

Komabe, buku silisewereka. Limasunga nkhope ndi mbiri ya gemu, koma kukoma kwa kuisewera kumatsalira m'makina omwe akunka nasowa.