Kopa M'madzi: Chiphe Chofooketsa Tiana ta Nsomba

Mabanja ambiri a m'boma la Mulanje amadalira mitsinje monga Ruo, Likhubula ndi Thuchila pothirira madimba ndi podzaza maiwe owetamo makumba ndi chilinguni. M'madimba momwemo alimi amapopera tomato mankhwala a kopa pofuna kupewa chiwawu. Mankhwalawa ndi othandiza ku mbewu, koma akalowa m'madzi amasanduka chiphe, makamaka kwa tiana ta nsomba.

Zambiri za vutoli zinadziwika pamene akatswiri a ku America anafufuza tiana ta nsomba za salmon, zomwe ndi za banja limodzi ndi trout zimene atsamunda anaziika m'mitsinje ya pa phiri la Mulanje. Iwo anapeza kuti kopa wochepetsetsa, amene sasintha n'komwe maonekedwe a madzi, amaononga mphamvu ya kansomba yonunkhiza. Chonsecho, fungo ndilo limakachenjeza kuti mdani wafika. Kakalephera kumva fungo, kamagwidwa mosavuta. N'chifukwa chake m'chaka cha 2010 madera a Washington ndi California anakhazikitsa malamulo ochepetsa kopa m'mabuleki a galimoto, popeza fumbi lake limakokoloka ndi mvula n'kukathera m'mitsinje.

Kopa amavulazanso ziwalo zopumira za nsomba, ndipo thupi lake limataya mchere wofunika m'magazi. Chitetezo cha m'thupi chimatsika, kotero kuti tizilombo toyambitsa matenda timaigonjetsa msanga. Motero nsomba zingathe kufa ndi matenda patapita masiku, mlimi osazindikira kuti gwero lake ndi madzi.

Kopa ndi zinyalala za m'migodi zikachuluka, chionongeko chimaoneka nthawi yomweyo. Anansi athu a ku Zambia anaona zimenezi mu February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Chambishi. Madzi oipa analowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa zambirimbiri, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope.

Kuno kwathu chiopsezo chili m'zinthu zooneka zazing'ono. Choncho tisatsukire mipope yopopera mankhwala mumtsinje, tisataye mabotolo ndi mapaketi a mankhwala pafupi ndi dziwe, ndiponso tisapopere mvula ili pafupi kugwa. Tisiye udzu ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje kuti zizitchinga dothi lokokoloka. Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati afikitse uthengawu kwa alimi, pakuti kansomba kakafa lero, mawa banja lidzasowa ndiwo.